Ndalama Zikaperekedwa, Ndani Aziyenda ndi Mayiyo?

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Amayi amene muli pa benchi pamsika, inu muli pa makina osokera, inu mukukanda ufa wa mandasi a mawa, ndi inu abambo amene mwakhala chapafupi ndi wailesi, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zamalonda. Lero tikamba za mabungwe a amayi ochita bizinesi, ndalama zomwe amathandiza kupeza, ulangizi womwe amapereka, ndi zomwe mayi ayenera kuyang'ana asanalembetse dzina lake.

Mbiri ikamveka m'dera kuti kwabwera bungwe lothandiza amayi a bizinesi, funso loyamba limadziwika kale: "Akupereka zingati?" Lachiwiri: "Kubweza kwake n'kwa miyezi ingati?" Mafunso amenewa sindikuwanyoza ayi. Wopanda mpamba sapikula katundu, ndipo ana sadya satifiketi ya maphunziro. Koma pali funso lachitatu lomwe sitilifunsa kawirikawiri, chonsecho ndilo limasiyanitsa bizinesi yofika chaka chachitatu ndi yofera m'mwezi wa Febuluwale. Funso lake ndi ili: ndalamazo ndikalandira, ndani aziyenda nane?

Maganizo osonkhanitsa amayi a bizinesi m'bungwe si achilendo kuno kwathu. Mu 1990 Mayi Joyce Banda, omwe panthawiyo anali ndi bizinesi yosoka zovala ya Ndekani Garments, anayambitsa bungwe la National Association of Business Women, lomwe ambiri timangoliti NABW. Apo n'kuti dziko lili pansi pa chipani chimodzi, ndipo mayi wamba wogulitsa usipa kapena wosoka madiresi sankalota n'komwe zolowa m'banki kukapempha ngongole. Banki inkafuna chikole, chikalata cha nyumba kapena cha malo, zinthu zomwe zikakhalapo zinkakhala m'dzina la bambo. NABW inkaphunzitsa amayi kayendetsedwe ka bizinesi, kuwathandiza kupeza ngongole zing'onozing'ono, ndi kuwalankhulira kwa akuluakulu a boma. Mu 1997 bungwe la The Hunger Project linapatsa Mayi Banda mphoto ya utsogoleri pa ntchito yothetsa njala mu Africa, yomwe analandira limodzi ndi Pulezidenti Joaquim Chissano wa ku Mozambique. Zoti mu 2012 anadzakhala mtsogoleri wa dziko lino tonse tikuzidziwa, ndipo pa za ulamuliro wawo aliyense ali ndi maganizo ake. Imeneyo si nkhani yathu lero.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti bungwe lalikulu la amayi a bizinesi m'mayiko onse a COMESA, lomwe linayamba mu 1993 ndi dzina loti FEMCOM ndipo tsopano limatchedwa COMFWB, likulu lake lili ku Lilongwe, kwathu konkuno. Amayi a ku Egypt, ku Kenya ndi ku Mauritius makalata awo amabwera ku Lilongwe, pomwe mayi wa ku Nathenje, ulendo wosakwana ola limodzi, sanalimvepo dzina lake.

N'chifukwa chiyani pakufunika mabungwe a amayi paokha? Mu 2019 World Bank inatulutsa lipoti lotchedwa Profiting from Parity, lomwe linapeza kuti m'mayiko a kumunsi kwa chipululu cha Sahara phindu la mabizinesi a amayi limachepa ndi pafupifupi 34 peresenti poyerekeza ndi la mabizinesi a abambo. Si ulesi ayi, inu nomwe mukudziwa amene amayamba kudzuka pakhomo. Nayo African Development Bank inawerengera kuti ndalama zomwe amayi a bizinesi mu Africa amazifuna koma osazipeza zinali pafupifupi madola 42 biliyoni. Ndiye vuto la mpamba lilipodi. Tiyambe ndi lomwelo.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Mayi wa kuno kwathu akafuna mpamba amagogoda pa makomo angapo. Loyandikira ndi chipereganyu, komwe mwezi uno alandira uyu, mwezi wamawa uyo. Kenako banki m'khonde, njira yomwe bungwe la CARE linaiyamba ku Niger mu 1991 ndipo lero yafika pafupifupi m'mudzi uliwonse m'Malawi muno. Pali ma SACCO, omwe mgwirizano wawo wa MUSCCO unakhazikitsidwa mu 1980. Pali mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono monga FINCA, yomwe inafika kuno mu 1994. Pali thumba la ngongole la boma lija lakhala likusintha mayina, MARDEF, MEDF, NEEF. Pamwamba pali mabanki, ndipo pansi penipeni pali wa katapila, yemwe sakufunsa chikalata koma amadziwa pomwe pali khola la mbuzi zako.

Bungwe la amayi a bizinesi nthawi zambiri lilibe nkhokwe yakeyake ya ndalama. Ntchito yake ndi kukuperekeza ku makomo amenewa, kukuchitira umboni, ndi kukuwerengera tizilembo ting'onoting'ono ta pa fomu tomwe ambiri timasainira tisanawerenge. Apa ndiime kaye, chifukwa amayi ambiri amagwera pomwepa.

Tiyerekeze kuti mwabwereka K200,000 kwa miyezi 6, chiwongola dzanja 5 peresenti pamwezi. Wobwereketsa wina amawerengera chiwongola dzanjacho pa K200,000 yonse mwezi uliwonse, ngakhale mwabweza kale theka. Ameneyo mudzampatsa K60,000 pamwamba pa ngongole. Wina amawerengera pa ndalama yomwe yatsala mukabwezako. Ameneyo, mukamabweza mpambawo mofanana mwezi ndi mwezi, mudzampatsa K35,000. Onse awiri pakamwa akunena 5 peresenti, koma kusiyana kwake ndi K25,000. Ndiye palinso zodulidwa poyamba: ya fomu, ya inshuwalansi, ina akuti isungidwe ngati chikole. Mwasainira K200,000, m'manja mwalandira K185,000, koma chiwongola dzanja chikuwerengedwa pa K200,000. Choncho musamafunse kuti ndi maperesenti angati basi. Funsani kuti, "M'manja mundipatsa zingati, ndipo pofika tsiku lomaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi?" Wokana kuyankha funso limeneli momveka, musiyeni.

Tsiku loyamba kubweza nalonso ndi nkhani. Ngongole yoti uyambe kubweza pakatha sabata imodzi ndi yabwino kwa wogulitsa tomato, yemwe ndalama yake imazungulira tsiku ndi tsiku. Kwa woweta nkhuku za nyama, zomwe zimatenga masabata 6 kapena kuposerapo kuti zigulitsidwe, ngongole yotere imamukakamiza kubweza ngongole ndi ngongole yomweyo. Akatswiri ena anayesa zimenezi mumzinda wa Kolkata ku India. Amayi ena anawalola kupuma miyezi iwiri asanayambe kubweza, ena anayamba kubweza msanga monga mwa nthawi zonse. Patatha zaka pafupifupi zitatu, opatsidwa mpata aja anali ndi phindu lalikulu, chifukwa analimba mtima kuika ndalama mu katundu wochedwa kutuluka koma wopindulitsa. Tinene zonse: pakati pawo panalinso olephera kubweza ochulukirapo. Mayi mmodzi sangakambirane ndi banki za mpata wotere. Bungwe la amayi 500 lingathe.

Za ngongole ya pagulu sindichulukitsa, mukuzidziwa. Mnzanu akathawira kwa achibale ku Joni, ngongole yake imagwera inu otsala, ndipo malata amene amakazulidwa amakhala a munthu amene sanadye nawo. Musalowe pagulu ndi munthu chifukwa choti mumaimba naye kwaya. Lowani ndi amene mukudziwa chomwe amagulitsa ndi komwe amagona.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Tsopano ndalama zija zafika m'manja. Kodi zimafikadi mu bizinesi?

Mayi akafika pakhomo ndi K200,000, mudzi wonse umadziwa. Mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Apongozi agonekedwa kuchipatala. Kwa amalume kwagwa maliro. Feteleza wakwera mtengo ndipo mvula yagwa kale. Bambo akuti, "Tandibwerekako K30,000, ndibweza pakutha pa mwezi." Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chili chopanda pake, mwina kupatula chomalizacho, ndipo mayi amene angakane zonsezi adzatchedwa wouma mtima. Pakutha pa masabata awiri, katundu wopikulidwa ndi wa K90,000, koma ngongole ikadali ya K200,000.

Zimenezi si za kuno kokha. Ku Ghana, m'mizinda ya Accra ndi Tema, akatswiri anapereka thandizo la ma cedi 150 kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono. Ena anawapatsa ndalamayo m'manja, ena anapita nawo kukawagulira katundu kapena zipangizo za mtengo womwewo. Kwa amayi, phindu linakwera mwa ogulidwira katundu aja, makamaka omwe bizinesi yawo inali itaima kale. Mwa olandira ndalama m'manja simunaoneke kusintha kwenikweni. Ku Kampala, ku Uganda, katswiri wina dzina lake Emma Riley anatsatira amayi pafupifupi 3,000 omwe ankatenga ngongole ku bungwe la BRAC. Ena analandira ngongoleyo m'manja, ena inalowa pa akaunti ya pafoni yotsegulidwira bizinesi yokha. Patatha miyezi 8, olandirira pafoni anali ndi phindu lokwera ndi 15 peresenti, ndipo amene anapindula kwambiri ndi aja ankapanikizidwa kunyumba kuti agawe ndalamazo. Ndalama ndi yomweyo, mayi ndi yemweyo, chasintha ndi pomwe ndalamayo yagona usiku woyamba.

Ife tili ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba. Bungwe lanzeru liyenera kulimbikitsa mayi aliyense kukhala ndi nambala kapena akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo, ndipo pomwe zingatheke ngongole izipita mwachindunji kwa wogulitsa makina kapena katundu. Nayenso mayi azidzilipira yekha malipiro odziwika pasabata, ndiwo azigula ndi malipiro amenewo, osati kungotapa m'kabeseni.

Abambo, ndilankhule nanu pang'ono, mwaulemu. Mpamba wa akazi anu si ndalama ya pakhomo, ndi ya eni ake amene adzabwera kudzaitenga ndi chiwongola dzanja pamwamba. Mukaibwereka osabweza, amene adzaimitsidwe pamaso pa gulu ndi mayi wa ana anu, ndipo njinga yomwe adzalande ikhoza kukhala yanu. Alipo abambo amene amadzuka usiku kuperekeza akazi awo pa siteji ndi kutsala akuphikira ana. Amenewo tikuwaona ndipo tikuwathokoza.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Tafika pa mtima wa nkhani yathu, ulangizi.

Kwathu kuno mtsikana sitimulowetsa m'banja osamulangiza. Timaitana anankungwi ndi alangizi a kumpingo, amayi amene banja analiona, ndipo ukwati ukatha ankhoswe amatsala kuti pakavuta pakhale kothamangira. Koma mayi yemweyo akamalowa mu bizinesi timamupatsa ndalama, kumujambula chithunzi atanyamula cheke chachikulu, n'kumusiya yekha. Timadzakumananso naye tsiku lotolera ngongole.

Ena anena kuti, "Iyayi, timawaphunzitsa kaye." Zoona, maphunziro amachitika, masiku atatu kapena asanu, mu holo, ndi zolembalemba pa bolodi. Ndinene mosabisa kuti ena mwa maphunziro amenewa chomwe anthu amakumbukira ndi alawansi ndi botolo la Fanta la masana. Koma tisangonyoza, timve zomwe zinapezeka atayerekeza maphunziro a m'kalasi ndi ulangizi wa munthu ndi munthu.

Ku Nairobi, m'dera la anthu osauka lotchedwa Dandora, akatswiri atatu, Wyatt Brooks, Kevin Donovan ndi Terence Johnson, anatenga amayi oposa 300 omwe anali asanakhalitse pa bizinesi, n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba linapita ku maphunziro a m'kalasi a kusunga mabuku, kutsatsa malonda ndi kusamala makasitomala. Gulu lachiwiri, mayi aliyense anapatsidwa mlangizi, yemwe sanali mphunzitsi wa ku yunivesite koma mayi mnzake wa m'dera lomwelo, wochita bizinesi yofanana, amene wakhalitsa ndipo zikumuyendera. Gulu lachitatu analisiya kuti adzayerekezere. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2018, zinali zoti amayi a m'kalasi anasinthadi kachitidwe kena kwa kanthawi, koma phindu lawo silinakwere. Amayi okhala ndi alangizi phindu lawo linakwera ndi pafupifupi 20 peresenti.

Alangiziwo ankanena chiyani chomwe m'kalasi munalibe? Kwakukulu, ankawauza komwe katundu amapezeka motchipa. Basi. Ambiri mwa olangizidwa anasintha kopikula, ndalama yogulira katundu inatsika, phindu n'kukwera. Mphunzitsi wa m'kalasi adzakuuza kuti uzipikula motchipa. Mayi amene wakhala pa geni zaka 15 adzakuuza kuti mbatatesi ukapikule ku Tsangano kapena ku Bembeke mwezi wakuti, kuti tomato wa ku Jenda ukamupeze m'mamawa magalimoto a m'tauni asanafike, kuti mpunga wa kilombero wa ku Karonga usaugule osaununkhiza ndi kuuthyola chifukwa ena amasakaniza, kuti belo ya kaunjika yolembedwa chizindikiro chakuti imatuluka zinyalala zokhazokha. Adzakuuza dalaivala wa lole amene sakweza mtengo pakati pa njira. Wopita ku Kariakoo ku Dar es Salaam kukaoda zitenje adzamuuza kogona kopanda akuba ndi mapepala oti akhale nawo pofika pa Songwe. Zimenezi sizili m'buku lililonse, ndipo zimasintha chaka ndi chaka. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Mlangizi amaphunzitsanso kuika mtengo pa nthawi yovuta. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze mayi amene anapikula belo pa K100,000, n'kuigulitsa yonse K130,000, akusangalala kuti wapeza K30,000. Pobwerera kokaoda apeza belo yomweyo ili pa K160,000. Phindu lija linali la pakamwa chabe, mpamba wadyeka. Amene anaona kugwa kwa kwacha kwa mu 2012 ndi kwa mu Meyi 2022 amadziwa kuti mtengo umaikidwa poyang'ana ndalama yomwe udzagulire katundu wina, osati yomwe unagulira amene ali pa benchi. Wongoyamba kumene sangadziwe zimenezi mpaka zitamuonekera, pokhapokha wina amutsine khutu.

Komatu kafukufuku wa ku Dandora ali ndi mbali ina yomwe atsogoleri a mabungwe ayenera kuimva bwino. Patapita miyezi, ambiri analeka kukumana ndi alangizi awo, ndipo phindu lija linabwerera pomwe linali. Ndiye kuti ulangizi si katemera wobaya kamodzi. Ndipo apa ndi pomwe ndikuona kuti bungwe lili ndi ntchito yomwe banki, boma ndi mabungwe akunja sangaigwire. Pulojekiti imatha pakatha zaka zitatu, galimoto zake n'kupita kwina. Bungwe la amayi eni ake ndi lomwe lingaonetsetse kuti awiriwa akukumanabe chaka chamawa, ndipo ngati sakugwirizana, kapena mlangizi watha nzeru zomwe anali nazo, lipeze wina.

Kusankha mlangizi kumafuna nzeru. Akhale wa bizinesi yofanana ndi yako, koma osati wa benchi yoyandikana nayo, chifukwa palibe amene angaulule kopikula kwa munthu amene akulimbirana naye kasitomala mmodzi. Wa ku Ndirande alangize wa ku Bangwe, wa ku Area 25 alangize wa ku Kawale. Akhale woti wakuposa masitepe awiri kapena atatu, osati mwini fakitale amene anaiwala kale mtengo wa ndowa ya makala. Ndipo iwe wolangizidwa, tsegula kope lako lonse, ndi ngongole zomwe ukubisa zija. Mlangizi woona theka la nkhani amapereka theka la malangizo.

Sindikuti maphunziro onse ndi opanda ntchito. Ku Lomé, m'dziko la Togo, anayesa eni mabizinesi 1,500. Ena anaphunzira maphunziro a bizinesi a nthawi zonse, ena anaphunzira zosintha kaganizidwe: kuyamba chinthu osadikira kuuzidwa, kufunafuna chomwe anzako sakugulitsa, kuganizira vuto lisanafike, kudzukanso ukagwa. Pa zaka ziwiri, phindu la gulu lachiwirili linakwera ndi 30 peresenti, ndipo amayi anapindula nawo kwambiri. Phunziro lake kwa ife ndi lomveka. Mumsewu umodzi mukakhala amayi 10 okazinga mandasi, ngongole ya mayi wa nambala 11 wodzakazinganso mandasi siithandiza aliyense. Lipoti la World Bank lija linapezanso kuti amayi amene amalowa m'ntchito zomwe timati ndi za abambo, monga ukalipentala, kuwotcherera zitsulo ndi zomangamanga, amapeza phindu loposa la anzawo otsalira m'malonda a amayi okhaokha, ndipo ambiri mwa iwo analowamo chifukwa panali wina, kawirikawiri bambo kapena mchimwene, amene anawalowetsa ndi kuwaonetsa njira. Ndiye mlangizi wa mayi sayenera kukhala mayi nthawi zonse. Sukulu za ntchito zamanja zomwe zili pansi pa TEVETA zimalandira atsikana, ndipo mabungwe a amayi azitumizako ana awo.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Pali makomo ena omwe mayi payekha amaopa kugogoda, koma ndi bungwe amatseguka.

Loyamba ndi kulembetsa bizinesi ku boma. Ambiri amaopa kuti akalembetsa, a msonkho a MRA afika mawa lake. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kulembetsa msonkho ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kafukufuku wina anachitikira konkuno, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pa mabizinesi pafupifupi 3,000 osalembetsa. Atawathandiza kulembetsa mwaulere, ambiri analembetsa, amayi ndi abambo omwe. Koma satifiketi payokha sinasinthe phindu. Amene anasintha ndi aja, pamwamba pa satifiketi, anakumanitsidwa ndi a banki n'kuthandizidwa kutsegula akaunti ya bizinesi. Malonda awo anakwera ndi pafupifupi 20 peresenti, phindu ndi 15 peresenti. Mukuona kuti nkhani ija yabweranso? Pepala lokha silikwanira, pamafunika wokugwira dzanja kukufikitsa pa khomo lotsatira.

Za chikole, dziwani kuti kuyambira mu 2013 dziko lino lili ndi lamulo lolola munthu kupereka katundu wosunthika ngati chikole, monga makina osokera, chigayo, galimoto, ziweto kapena katundu wa m'shopu, ndipo kaundula wake anayamba kugwira ntchito mu 2016. Si banki iliyonse imene imalandira mosavuta, koma bungwe lingathe kukafunsa m'malo mwa mamembala ake kuti ndi iti imene imalola.

Inu okonza chiponde, uchi, ufa wa soya kapena juwisi wa malambe, masitolo akuluakulu sadzalandira katundu wanu wopanda chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Mtengo woyezetsa ndi wokonza malo ophikira umalemera kwa munthu mmodzi, koma amayi 20 okhala ndi malo amodzi okonzera angaukwanitse. Bungwe la boma lomwe linkadziwika kuti SMEDI linakhazikitsidwira kuthandiza mabizinesi ang'onoang'ono pa zinthu ngati zimenezi, ndipo chionetsero cha zamalonda cha MCCCI ku Chichiri ndi malo omwe amayi angagawane mtengo wa shedi imodzi. Mu 2020 boma linaikanso lamulo loti maofesi ake pogula katundu azipereka mpata kwa mabizinesi ang'onoang'ono, kuphatikizapo a amayi ndi achinyamata. Mpata ulipo, koma amene anagulitsapo ku boma adzakuuzani kuti malipiro amatha kuchedwa miyezi, ndiye musatengere katapila oda ya boma.

Inu odutsa malire pa Mchinji kupita ku Chipata, pali ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono yomwe imalola katundu wosapitirira madola 2,000, wopangidwa m'mayiko athu ano ndipo ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwo anagwirizana, kudutsa ndi fomu yosavuta komanso osalipira msonkho wa kasitomu, ngakhale misonkho ina monga VAT imakhalapobe. Amayi ambiri amadzera njira zachidule, komwe amalandidwa katundu ndi kuchitidwa zachipongwe, pothawa msonkho womwe mwina sakanalipira n'komwe.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Ndisakunamizeni kuti bungwe lililonse ndi labwino. Alipo mabungwe omwe ndi a amayi a m'tauni ovala bwino, amene amakumana m'mahotela n'kumalankhula m'dzina la mayi wa kumudzi yemwe sanamuonepo. Alipo omwe wapampando wake sanasinthe chiyambire, ndipo maulendo akunja ndi ngongole zikuluzikulu zimazungulira pa anthu asanu omwewo. Alipo omwe amadzuka chaka cha chisankho, n'kugawa nsalu pamodzi ndi mafomu a ngongole. Ngongole yobwera ndi nsalu ya chipani anthu amaiyesa mphatso, sabweza, thumba limauma, ndipo wovutika ndi mayi woona mtima amene anali pamzere wa chaka chamawa. Ndiye pali akuba enieni, oimba foni kuti mwasankhidwa kulandira thandizo la amayi, tumizani K15,000 ya fomu pa nambala iyi. Musatumize. Wobwereketsa ndalama wovomerezeka amakhala ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi ndi ofesi yomwe mungaipeze ndi miyendo yanu.

Choncho musanapereke ndalama ya umembala, pemphani kuona malamulo a bungwelo. Funsani kuti chisankho chomaliza cha atsogoleri chinachitika liti, ndipo lipoti la ndalama limawerengedwa pamaso pa mamembala kangati pachaka. Pemphani akuonetseni mayi wa bizinesi ngati yanu amene wakhala membala zaka ziwiri, mukacheze naye pa malo ake a malonda, atsogoleri palibe. Kenako funsani funso lathu lija: ndikalowa, mundipatsa ndani woti aziyenda nane, ndipo tizikumana kangati? Akakuyankhani kuti kudzakhala semina, dziwani kuti ulangizi kulibe.

Ngati kwanuko kulibe bungwe, musadikire galimoto yochokera ku Lilongwe. Gulu lanu la banki m'khonde limakumana kale sabata iliyonse. Mukatha kuponya masheya, onjezerani theka la ola loti mmodzi atsegule kope lake, anzake amufunse mafunso. Lembani mayina a amene akhalitsa pa geni ndi amene angoyamba, muwaphatikize awiriawiri. Alangizi a zachitukuko ndi a zamalonda ku khonsolo ya boma lanu angakuthandizeni kulembetsa gululo ngati kopaletivi mukakhwima.

Ndimalize ndi inu amayi amene zinakuyenderani, muli ndi golosale, chigayo, lole kapena shopu ya zitenje. Kusonkha ndalama pa misonkhano ya bungwe n'kwabwino, koma chomwe tikukupemphani n'china. Sankhani mayi mmodzi wongoyamba kumene, wa msika wina osati wanu, muzikumana naye kawiri pamwezi kwa chaka chathunthu. Muuzeni kopikula, muonereni kope, ndipo akafuna kutenga ngongole yoposa msinkhu wake, mukanizeni. Nanunso atsogoleri a mabungwe, pa lipoti lanu la chaka chino musangolemba kuchuluka kwa ndalama zomwe mwabwereketsa. Lembaninso kuti ndi amayi angati omwe ali ndi alangizi, ndipo mwa iwo ndi angati akukumanabe.

Nthawi yatithera, omvera athu. Mafunso ndi ndemanga zanu tumizani kuno ku wailesi, tidzaziwerenga m'pulogalamu ikubwerayi, pomwe tidzakambe za kasungidwe ka kope la bizinesi kwa mayi amene sukulu sanapite nayo patali.

[NYIMBO YOTSEKERA]